Munda wa Pasukulu ndi Mitengo ya Makolo ku Chipata

Munthu wochokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa kum'mawa, akapitirira Katete ndi Mtenguleni nayamba kuona mapiri ozinga mzinda wa Chipata, sangalephere kuizindikira sukulu ingakhale ili patali, pakuti sukulu zathu zonse zinavala chovala chimodzi: bwalo losesedwa mpaka kuyera mbee, miyala yopaka laimu yondandalikidwa m'mbali mwa njira, mzere wa bulugamu kumalire, kesha ndi malaina pakhomo pa mphunzitsi wamkulu, ndi mango pamene ana amausa dzuwa likaswa mtengo. Mitengo imeneyi ndi yabwino, ndipo yatumikira anthu mokhulupirika. Komatu yonseyi ndi alendo, popeza bulugamu kwawo n'ku Australia, malaina ndi mango n'ku Asia, ndipo kesha naye anachita kuoloka nyanja. Mombo, mchenga, msuku, msolo, muwanga ndi mlombwa, eni nthaka amene anaphimba phiri la Kanjala ndi magwero a Lutembwe kusanabwere njerwa kapena belu, sapezekapezeka pa mabwalo amenewa. Tsono zinatheka bwanji kuti nyumba yophunzitsira mwana za zomera ikhale malo amene zomera za dziko lake zinapirikitsidwako koposa malo ena onse m'mudzi? Nkhaniyi ili ndi mbiri ya zaka zoposa 120, ndipo iyenera kulongosoledwa mofatsa.

Kusanamangidwe sukulu ina iliyonse, Achewa, Ansenga ndi Akunda, pamodzi ndi Angoni a Mpezeni amene makolo awo anaoloka Zambezi mu 1835 nadzakhazikika kuno patapita zaka makumi angapo, anali nayo kale njira yawo yophunzitsira ana za mitengo, ngakhale kuti panalibe amene ankaitcha maphunziro. Mnyamata wa kubusa ankadziwa kuti luzi lolimba amasenda ku mombo, kuti mzati wa muwanga chiswe chimaulephera, ndi kuti mlombwa ukatemedwa umatuluka madzi ofiira ngati mwazi. Mtsikana wotsagana ndi agogo ake kunkhuni ankadziwa bowa wodyedwa ndi bowa wakupha, ankadziwa kuti ndelema imamera pansi pa mitengo monga mombo ndi msuku osati pansi pa mtengo wamba, ndiponso kuti masuku amapsa mvula ikamayamba, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ana agona ndi njala. Mlimi wofuna mphanje sankayamba wakumba. Ankayang'ana kaye zomera, ndipo akaona mthethe ndi chitimbe pakati pa udzu wautali ankadziwa kuti chimanga chidzacha, koma akaona misuku yokhayokha pa nsangalabwi ankapitirira. Potema munda, mitengo ya zipatso monga muula ndi mtowo ankaisiya. Kumanda nkhwangwa sinkalira wamba. Ndipo patsinde pa msolo ankathirapo nsembe. Nzeru imeneyi inali ya maso, ya lilime ndi ya manja, yoyesedwa m'mibadwo yambiri. Chilema chake chinali chimodzi, chakuti sinkalembedwa kapena kuyezedwa, kotero kuti nkhalamba ikamwalira mwadzidzidzi inkapita nazo kumanda zimene inali isanaululire ana.

Chaka cha 1898 chinatembenuza zonse. Kumayambiriro kwa chakacho asilikali a azungu anagonjetsa Angoni, Nsingu mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo chaka chotsatira Robert Codrington anakhazika likulu la North-Eastern Rhodesia pa Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ulemu umene mudziwo unakhala nawo mpaka 1911. M'chaka chomwecho cha 1899, pa 5 Julaye, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anayamba ntchito pa Magwero. Mu 1903 anatsegula Madzimoyo, ndipo m'chaka chomwechonso ansembe a White Fathers anakhala pa Kachebere, pamalire penipeni ndi Nyasaland. Amishoni a Chidatchi ambiri anali ana a alimi, okhulupirira kuti khasu ndi Buku ziyenera kuyendera limodzi, ndi kuti munthu anaikidwa m'munda pachiyambi pomwe kuti ausunge. Anafuna njerwa, ndipo njerwa zinafuna nkhuni. Anafuna matabwa a tchalitchi, ndipo mibawa ndi milombwa inagwa. Anabzala malalanje ndi mandimu, natsegula madimba a masamba, ndipo ana ogonera pamishoni ankalipira chakudya chawo ndi thukuta. Tisawachepetse anthu amenewa, pakuti anatipatsa kuwerenga ndi kulemba, zimene nzeru ya kubusa inkazisowa. Koma m'maphunziro awo mwana anamvamo chinthu china chimene mwina iwo sanachitchule poyera, chakuti kuwala kuli pamalo olambulidwa ndipo mdima uli kutchire, ndi kuti munthu wotsogola amadziwika ndi kutalikira kwake kunkhalango.

Pamene sukulu zinkachulukana, nthaka ya anthu inkachepa. Kampani ya North Charterland Exploration, potsamira pa mapepala amene Carl Wiese ankati anawalandira kwa Mpezeni, inatenga dera lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa, nigulitsa malo abwino ozungulira Fort Jameson kwa azungu olima fodya, amene mabalani awo ankadya nkhuni usana ndi usiku. Eni dziko anasonkhanitsidwa m'madera opatulidwa otchedwa Native Reserves, ndipo kumeneko anapanikizana kotero kuti munda sunkapumanso, mitengo ya m'mapiri inatha, ndipo madzi anang'amba zigwembe m'minda. Pomwe malo amene anasamutsidwako, ambiri a iwo osapeza wowagula, anabwerera kuthengo nadzala ndi kashembe. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941 niyamba kubwezerako anthu, koma linawabweza ndi malamulo a migula ndi zindapusa, kotero kuti mawu akuti kusamala nthaka anamveka m'makutu mwa anthu ngati mawu a mesenjala wa kwa bwanamkubwa. Wolemba mbiri Leroy Vail anaonetsa mu 1977 kuti kuonongeka kwa dziko la kum'mawaku sikunachokere ku umbuli wa alimi, monga atsamunda ankanenera, koma ku kulandidwa kwa malo. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa nkhani yathu, chifukwa mwana amene ankauzidwa m'kalasi kuti atate ake sadziwa kulima ankabwerera madzulo kumudzi kumene atatewo ankadziwa bwino lomwe amene anawalanda munda.

Munda wa pasukulu monga tikuudziwira lero unabadwa m'zaka zimenezi. Mu 1924, chaka chimene ufumu wa Britain unalandira dziko kuchokera kwa British South Africa Company, kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo pakati pawo panali James Aggrey wa ku Gold Coast. Zinakumana ndi amishoni ku Kafue, nizilangiza kuti maphunziro a mwana wa mu Afirika agwirizane ndi moyo wa kumudzi, ndiye kuti ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja. Mu 1925 G. C. Latham anaikidwa kuyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo kenaka kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939, yosula aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi. Kuchokera pamenepo oyendera sukulu ankaona munda monga ankaonera kaundula. Cholinga chinali chokoma pochimva, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: makolo anazindikira msanga kuti ana a azungu sankaphunzitsidwa kugwira khasu, ndipo anafunsa chifukwa chimene mwana wawo, amene anabadwira pa mzere, ayenera kuyenda mtunda wautali kukaphunzira kupalira, pamene iwo anamtumiza kuti akatenge Chingerezi ndi masamu. Choipa choposa chinali chakuti munda unasanduka bwalo la milandu. Wochedwa ankapatsidwa chikwakwa, waphokoso ankakumba dzenje, ndipo wolakwa kwambiri ankalozeredwa chitsa cha mombo kuti achizule ndi mizu yomwe asanalawe nsima. Motero chitsa chimene chikanaphukira n'kubwezera mtengo pamalo pake chinakhala chida cha chibalo, ndipo mibadwo ya ana inakula ikudana ndi khasu pamodzi ndi mtengo womwe.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo, pamene mwana ankaphunzitsidwa kupeputsa nzeru za agogo ake, akatswiri ena a boma lomwelo ankayenda pansi mudzi ndi mudzi kukazipempha nzeruzo. Colin Trapnell, amene kaundula wake wa nthaka, zomera ndi ulimi wa North-Eastern Rhodesia anatuluka mu 1943, anapeza kuti alimi a kuno ankasiyanitsa mitundu ya nthaka poyang'ana mitengo ndi udzu molondola kotero kuti iye anamanga ntchito yake pa maziko omwewo. Ndipo William Allan, amene anakonza za kusamutsa anthu a Fort Jameson, anagwiritsa ntchito chidziwitso chimenechi powerengera anthu amene dera lingathe kuwadyetsa. Ku Ndola, kuyambira 1933, a zankhalango anapatula zigawo za nkhalango ya miombo: china ankachitentha dzinja litangotha udzu ukali ndi chinyezi, china ankachitentha mu Okutobala udzu utauma gwa, china sankachitentha konse, ndipo zotsatira zake, zimene Trapnell anazisindikiza mu 1959, zinaonetsa kuti moto wa m'chilimwe umapha mombo ndi ana ake omwe, pamene moto wofulumira umaisiya nkhalango ili chiimire. D. B. Fanshawe anasonkhanitsa maina a mitengo m'zilankhulo za dziko lino mu 1965, ndipo A. E. G. Storrs anatulutsa buku lake lodziwira mitengo ya Zambia mu 1979. Nzeru ya kubusa inalembedwa ndithu, nipeza muyeso umene inkausowa. Koma inalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chilatini, nisungidwa m'maofesi a ku Ndola ndi ku Kitwe, kutali ndi mdzukulu wa nkhalamba imene inaiulula.

Ufulu wa 1964 unabwera ndi njala yaikulu ya maphunziro, ndipo Fort Jameson anatenga dzina la Chipata. Koma lamulo la 1966 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, kotero kuti mwana wodziwa mitengo makumi asanu ndi maina ake ankakhala duu m'phunziro la sayansi, poti sankatha kutchula zigawo za duwa lojambulidwa pa bolodi, limene mwina sanalionepo ndi maso. Komabe m'nyengo yomweyi munaphuka zinthu zitatu zoyenera kuzikumbukira. Mu 1968 kunayamba magulu a JETS, amene ankalimbikitsa ana kupanga zoyesa zawozawo ndi kukazionetsa pa mipikisano ya maboma ndi ya zigawo. Mu 1972 bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa magulu a Chongololo m'sukulu za pulaimale, okhala ndi kanyuzipepala kawo ndipo pambuyo pake pologalamu ya pa wailesi, ndipo kwa nthawi yoyamba mwana anauzidwa ndi mphunzitsi kuti kutuluka panja kukayang'ana chisa, mbozi kapena khungwa ndi kuphunziranso. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi gawo lopanga chakudya ndi chuma, lotchedwa Production Unit. Chimanga, kabichi, nkhuku ndi nkhumba zinachuluka, koma popeza muyeso wake unali matumba ndi ndalama, thengo limene linatsala kuseri kwa makalasi ndilo linayamba kugwa. Tsiku lobzala mitengo la dziko lonse, 15 Disembala, limagwa ana atatsekera kale. Ndipo mbande zochokera ku nazale za boma, zimene zambiri zinali bulugamu, paini, malaina ndi kesha chifukwa zimakula msanga, kawirikawiri zinkabzalidwa pamaso pa alendo olemekezeka n'kusiyidwira mbuzi ndi chiswe.

Phunziro lalikulu koposa linachitikira pakhomo penipeni pa Chipata. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la ICRAF, limene likulu lake lili ku Nairobi, linayamba ntchito pamalo a kafukufuku a Msekera, motsogozedwa ndi Freddie Kwesiga wa ku Uganda, pa nthawi imene mtengo wa feteleza unkanka nukwera ndipo nthaka inali itaguga. Anatenga jerejere, kamtengo kamene kamamera kokha m'mbali mwa mitsinje yathu ndipo palibe amene ankakawerengera, nakabzala m'munda wotopa zaka ziwiri, nakadula, nabzalamo chimanga. Ndipo zokolola zinaposa kawiri za munda woyandikana nawo wolimidwa chaka ndi chaka popanda feteleza. Chinapatsa ntchitoyi mphamvu n'chakuti alimi a ku Chipata ndi ku Katete sanangolandira malangizo, koma anayesa okha nasintha zina: anaonetsa kuti mbande zingafesedwe pa bedi n'kuokeredwa popanda machubu odula, ndiponso kuti zingabzalidwe pamodzi ndi chimanga m'chaka choyamba kuti munda usagone osabala. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri omwewo, pamodzi ndi anzawo a ku Makoka pafupi ndi Zomba, anafunsa anthu zipatso zam'tchire zimene amazikonda koposa, ndipo masuku, maula ndi mateme zinatsogola. Anaphunzira kumezanitsa msuku kuti ubale patapita zaka zochepa, pamene wa njere umachedwa zaka zambiri. Apa panaoneka poyera kuti sayansi si katundu wochokera kutsidya kwa nyanja, koma mchitidwe wofunsa, kuyesa, kuyerekeza ndi kulemba, umene mlimi wa ku Kalichero angauchite, ndipo ngati mlimi angauchite, mwana wake wa giredi 6 angauchitenso.

Tsono taganizani chimene kachigawo kochepa ka thengo, kotchingidwa kuseri kwa makalasi, kangaphunzitse popanda botolo limodzi la mankhwala ogula. M'miyezi yotentha ana adzamva zikhokhombe za mombo zikuphulika ndi kumwaza njere, ndipo angayeze ndi chingwe mtunda umene njerezo zagwera. Akafukula kambande ka chaka chimodzi adzapeza kuti pamwamba n'kosakwana chikhatho pamene muzu walowa pansi kwambiri, nadzamvetsa chifukwa chake mtengowu umaoneka waulesi ku nazale koma sufa ndi chilala. Akafesa njere za msuku zatsopano pambali pa zimene zagona miyezi iwiri adzaona kuti zogonazo sizimera bwino; ndipo akadzaza machubu ena ndi dothi la pansi pa msuku waukulu, ena ndi dothi wamba, adzazindikira kuti muli ulusi wa bowa umene umakumbatira mizu ndi kuidyetsa, ndicho chifukwa chake ndelema sapezeka pansi pa malaina. Njere ya msangu, ya chikopa cholimba, idzawaphunzitsa kuikanda kapena kuiviika m'madzi otentha, ndipo mtengo wake, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphukira m'chilimwe, udzawapatsa funso lowakwanira chaka chathunthu. Timatuza ta pa mizu ya jerejere, akatidula n'kuona kufiira kwa m'kati, tidzawalongosolera za nayitirojeni koposa chithunzi cha m'buku. Zigawo zitatu za ku Ndola zingabwerezedwe pang'ono, moyang'aniridwa ndi akulu ndiponso malire atalambulidwa kale, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo chitsa, m'malo mozulidwa, chingapatuliridwe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, njira yomwe Tony Rinaudo anayamba kuilimbikitsa ku Niger mu 1983, imene yabwezera mitengo m'minda ya mahekitala mamiliyoni angapo.

Sitinganene kuti ntchito yotere ndi yopepuka. Mitengo ya makolo imakula mwa kanthawi kake, ndipo mwana amene wabzala mlombwa ali giredi 3 adzachoka pasukulu usanamupatse mthunzi; mbuzi sizidziwa malire, osaka mbewa amayatsa moto, m'chilimwe mjigo umodzi umatumikira mudzi wonse, ndipo mphunzitsi wachangu akasamutsidwa ntchito yake imasamuka naye. Ngakhale bwalo losesedwa lili ndi chifukwa chake, popeza limateteza ana ku njoka ndi nyumba ku moto, ndipo palibe wanzeru amene angati udzu ufike pakhomo pa kalasi. Koma kuchedwa kumene timakudandaulaku ndiko phunziro lenileni, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sayansi yonse imayamba ndi munthu wolola kuyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali. Kope limodzi lolembamo msinkhu wa mtengo uliwonse, tsiku limene unaphukira ndi mvula imene inagwa, lopatsirana kuchokera kalasi ina kunka ku ina, likhoza kusunga ntchito ngakhale aphunzitsi asinthe kasanu. Ndipo pakutha zaka khumi sukulu idzakhala ndi umboni wa nyengo ya kwawo umene palibe ofesi ingaupereke.

Masiku ano zopinga zina zakale zinachoka. Mu 2014 ana a makalasi oyambirira m'chigawo cha kum'mawa anayamba kuphunzira m'Chinyanja, kotero kuti dzina la mtengo limene mwana wabwera nalo kuchokera kwa agogo ake linkatha kulembedwa pa bolodi popanda manyazi, dzina la Chilatini n'kudzabwera pambuyo. Lamulo la nkhalango la 2015 linapatsa midzi mphamvu yosamala nkhalango zawo. Ku Mfuwe a bungwe la Chipembele akhala akuphunzitsa ana za chilengedwe kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ndipo Chipata, amene anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, akuona yekha mmene makala, mauvuni a njerwa ndi nyumba zokwera m'mapiri zavulira Kanjala ndi kukwirira madamu ndi mchenga. Chatsala ndi chifuniro chokha. Inu aphunzitsi aakulu, patulani kachigawo ka malo a sukulu kuti kaphukire kokha, ndipo mulumbire kuti simudzatumako mwana kukagwira chibalo. Inu mafumu ndi nduna za Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi za Kalonga Gawa Undi, tetezani malowo ku moto ndi ku ziweto monga mumatetezera msitu wa kumanda. Inu makolo, tumizani kusukulu agogo odziwa mitengo akali moyo, akayende ndi ana ndi kutchula maina pamene mphunzitsi akulemba. M'mera mpoyamba, yambani chaka chino, mvula yoyamba isanagwe.